Kamuzu, nyumba zosanja ndi msewu wa ku Chitipa

Masiku ano sabata siitha osaona mkangano wofananiza mizinda pa Facebook kapena pa TikTok. Wina aika chithunzi cha Dar es Salaam usiku, nyumba zosanja zikuwala mphepete mwa nyanja. Mnzake aika cha Nairobi. Kenako wachitatu aponyapo cha City Centre ya ku Lilongwe n'kuikapo tinkhope toseka. Pasanathe ndemanga khumi dzina la Kamuzu limakhala latulukira kale: awa akuti akadakhalapo bwenzi tili patali, awo akuti ndi yemweyo adatichedwetsa.

Ambiri mwa okanganawo adabadwa mkuluyu atamwalira kale. Ine ndine wa ku Chitipa, kumene tikafuna kuona nyumba zazitali pafupi timadziwa kuti Mbeya ndiye wayandikira kuposa Lilongwe. Choncho mbiri ya Hastings Kamuzu Banda ndiifotokoza potsata zimene adamanga, kumene adazimanga, ndi kumene kudachokera ndalama.

Mukafunsa za nyumba yaitali ku Lilongwe, ambiri amaloza Kang'ombe House ku City Centre, momwe muli maofesi a makampani ndi mabungwe. Ku Blantyre, mumsewu wa Victoria Avenue, muli Delamere House komanso Chayamba Building, nyumba imene idadziwika ndi sitolo ya PTC pansi, maofesi pamwamba. Dzina loti Chayamba ndi la kwawo kwa Kamuzu ku Kasungu, dzina la imodzi mwa sukulu zimene adaphunzirako ali mwana. Ndiye ngati mudaimapo pakhonde la nyumbayi mukudikira mnzanu, mudaima pansi pa dzina la sukulu yakumudzi.

Boma lake linkati adabadwa pa 14 May 1906, n'chifukwa chake timapuma pa tsikuli, koma akatswiri ambiri a mbiri amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898. Bambo ake adali Mphonongo Banda, mayi ake Akupingamnyama Phiri. Dzina loti Kamuzu lidabwera chifukwa mayiwo adakhalitsa opanda mwana mpaka adathandizidwa ndi mankhwala a mizu. La Hastings adalitenga pobatizidwa. Adaphunzira ku Mtunthama, ku Chayamba, kenako ku mishoni ya Chilanga, ndipo cha m'ma 1915 adalemba mayeso a uphunzitsi. Nkhani yodziwika ndi yoti pokhala wamfupi adaimirira kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira mayeso, m'busa Cullen Young, n'kuganiza kuti akuonera, basi n'kumutulutsa. Patapita zaka 30 anthu awiri omwewa adathandizana kukonza buku la miyambo ya Achewa ndi anzawo, limene lidatuluka mu 1946.

Mnyamatayo adanyamuka wapansi. Adafika ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu ku Zimbabwe, kwa malume ake Hanock Msokera Phiri, n'kumagwira ntchito yosesa pachipatala. Adapitirira ku South Africa, koyamba kumgodi wa malasha ku Dundee, kenako kumgodi wa golide ku Boksburg, kufupi ndi Johannesburg, kumene ankalemba ndi kutanthauzira. Amene muli ndi achimwene anu ku Joni, njira imeneyo adaiyenda kale mtsogoleri woyamba wa dziko lino, opanda basi, opanda foni youzira akumudzi kuti wafika.

Mpingo wa African Methodist Episcopal udamuthandiza kupita ku America mu 1925. Adamaliza sekondale ku Wilberforce ku Ohio, adadzera ku Indiana, ndipo digiri yake yoyamba adailandira ku University of Chicago mu 1931. Apa ndi pamene ine ndimaima kaye. Chicago ndi mzinda umene udabala nyumba zosanja za masiku ano. Kale nyumba ikatalika, makoma apansi ankayenera kukhala ochindikala kwambiri kuti asenze zonse zapamwamba. Ku Chicago amisiri adayamba kumanga mafupa achitsulo oti asenze nyumba, khoma n'kungokhala chovala. Kuphatikizapo lifiti, munthu adatha kukhala ndi ofesi pa nsanjika ya 30 osatuluka thukuta. Home Insurance Building, imene ambiri amati ndiyo yoyamba ya mtundu umenewu, idamangidwa mu 1885 ndipo idagumulidwa mu 1931, chaka chomwe Kamuzu ankatsiriza maphunziro mumzindawo. Chaka chomwecho ku New York adatsegula Empire State Building ya nsanjika 102.

Ali ku Chicago komweko adathandiza katswiri wa ziyankhulo Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa. Udokotala adaupeza ku Meharry Medical College ku Tennessee mu 1937, n'kukaonjezera ku Edinburgh mpaka 1941. Adagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kenako ku Kumasi ku Ghana kuyambira mu 1953. Mukawerengetsa, munthuyu adakhala kunja zaka zoposa 40. Maso ake adazolowera mizinda ya eni, ya misewu yosesedwa ndi anthu a majekete, ndipo pobwera sadaisiye kumeneko mizindayo. Adabwera nayo m'mutu.

Adatera pa Chileka pa 6 July 1958, ataitanidwa ndi achinyamata a Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume kuti adzatsogolere nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chichewa chidali chitamuthawa pakamwa, moti pamisonkhano ankayankhula Chingerezi wina n'kumatanthauzira.

Pano mpamene kwathu kumalowa m'nkhaniyi, ndipo ana ambiri a ku Chitipa sadziwa. Nthawi imeneyo boma lathu linkatchedwa Fort Hill ndipo lidali mbali ya Karonga. Padali bwalo la ndege limene a Wenela ankanyamulirapo anthu opita kumigodi. Mu February 1959 anthu otsatira Congress adalitseka bwalolo kuti ndege zisatere, ndipo kumapiri a Misuku Flax Musopole adavutitsa boma la atsamunda kwa miyezi. Zimene zidachitika ku Fort Hill zili m'gulu la zifukwa zimene bwanamkubwa Robert Armitage adalengezera lamulo la zadzidzidzi pa 3 March 1959. Tsiku lomwelo Kamuzu adamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo, lero Gweru. Ndiye wina asamatiuze kuti ufulu udabwera ife tikungoonerera kuphiri.

M'ndendemo, momwe adakhala mpaka pa 1 April 1960, ndi momwe mudachokera amene adadzatchedwa maloto a ku Gwelo: kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Adakhala nduna yaikulu mu 1963, dziko lidalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo pasanathe miyezi itatu adali atayambana kale ndi nduna zake. Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adachotsedwa, Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi udindo. Mwa zimene ankakangana padali nkhani ya dziko la China, limene nduna zinkafuna kuti tigwirizane nalo koma Kamuzu ankakana. Ikumbukireni mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Za likulu latsopano, Angerezi adakana kupereka ndalama. Kwa iwo kudali kuwononga chuma m'dziko losauka. Kamuzu adatembenukira kumene atsogoleri anzake a mu Africa ankakuona ngati kunyumba ya mfiti. Mu 1967 Malawi adakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo mu 1968 adalandira ngongole ya R8 miliyoni yoyambira kumanga Lilongwe. Chaka chomwecho padakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti liyendetse ntchitoyo ndi kukopa ena odzamanga. John Vorster adabwera kuno mu 1970, Kamuzu n'kukabweza ulendo mu 1971, chaka chimene adakhala pulezidenti wamuyaya. Lilongwe adakhala likulu mu 1975, ngakhale aphungu adapitiriza kukumana ku Zomba mpaka ulamuliro wake udatha.

Tsono amene mumaseka chithunzi cha City Centre, dziwani kuti mzindawu sadaukonze kuti ukhale wa nyumba zothithikana zolimbirana kumwamba. Adaujambula ngati munda: Capital Hill apa, City Centre apo, Old Town uko, pakati pake mitengo ndi tchire, madera n'kumapatsidwa manambala. Nyumba imatalika pamene malo achepa ndipo adula, moti mwini wake amaona kuti kuli bwino kukwera m'mwamba kusiyana n'kugula puloti ina. Ku Lilongwe malo adalipo ambirimbiri. Zotsatira zake tikuziona mpaka lero: wokhala ku Area 25 kapena kwa Chinsapo amathera ndalama pa minibasi ndi kabaza kuti angofika kuntchito, mumzinda umene adaukonzera anthu a galimoto pamene a galimoto adali owerengeka.

Nthawi yomweyo anzathu ankakwera. Ku Lusaka, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, boma la Kenneth Kaunda lidamanga Findeco House ya nsanjika 23 kumapeto kwa Cairo Road. Ku Johannesburg, Carlton Centre idatha mu 1973: nsanjika 50, mamita 223, masitolo pansi, maofesi pamwamba, hotela pambali. Idakhala nyumba yaitali kuposa zonse mu Africa mpaka mu 2019. Mwa eni ake mudali kampani ya migodi ya Anglo American, ndipo zaka zimenezo Amalawi oposa 100 000 adali pansi pa nthaka m'migodi ya ku South Africa. Ndikaona chithunzi cha nyumbayi sindilephera kuganiza za azigogo athu amene ankabwera ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu adaimitsa kulemba anthu opita kumigodi kwa zaka zingapo.

Nanga zathu zochepazi, ndalama yake idachokera kuti? Apa mpofunika kudziwa za Press. Idayamba ngati kampani yosindikiza nyuzi ya chipani, Malawi News, koma pofika mu 1969 idasanduka Press Holdings, imene pafupifupi masheya onse adali a Kamuzu mwini. Idalowa paliponse: minda ya fodya, masitolo a PTC, mabanki, mafuta, nyumba. Mbali ina kudali ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigula mbewu za alimi ang'onoang'ono. Inkagula pamtengo wotsika, n'kukagulitsa kunja pamtengo wabwino, ndipo gawo lalikulu la phindulo linkabwerekedwa kwa Press ndi kwa eni minda ikuluikulu. Kunena mwachidule, mlimi wa mtedza ku Mchinji, wa thonje ku Chikwawa ndi wa chimanga ku Chitipa adaikapo njerwa yake pa nyumba za m'tauni zimene mwina sadazionepo ndi maso. Chuma chitagwedezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Press idapezeka ili m'ngongole zoopsa mpaka boma lidachita kuiwombola, ndipo mpamene padabadwa Press Trust.

Kamuzu ankafuna tauni yooneka bwino, ndipo sankanyengerera. M'zaka za m'ma 1980 nyumba zakale ndi zosaoneka bwino m'mizinda zinkajambulidwa nyenyezi yofiira pakhoma, kutanthauza kuti mwini wake agumule n'kumanga ina yabwino. Mpaka lero makhonsolo akafuna kuopseza eni nyumba zakutha amadzutsa dzina lomwelo la nyenyezi yofiira. Kusiyana kwake n'koti kale nyenyeziyo ikajambulidwa, munthu sankathamangira kukhoti. M'zaka za m'ma 1970 amalonda a Chimwenye adachotsedwa m'midzi n'kuuzidwa kuti azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Cholinga chidali choti eni dziko atenge masitolo, koma m'malo ambiri masitolowo adangotsekedwa, ndipo ndalama zidakaunjikana ku Limbe ndi ku Old Town.

Zimene adamanga n'zambiri ndipo sindingazichepetse. Chancellor College ku Zomba, Kamuzu Central Hospital, bwalo la ndege la ku Lumbadzi, nyumba ya Reserve Bank ija yokula kumwamba n'kuchepa pansi, magetsi a ku Nkula ndi Tedzani, njanji ya ku Nacala ndi ya ku Mchinji. Zambiri mwa izi zidamangidwa molimba, ndipo tikuzigwiritsabe ntchito pamene zina zomangidwa dzana zayamba kale ming'alu. Amene amati m'nthawi yake kontilakita sankaseweretsa simenti ali ndi mfundo.

Koma pali zinanso zimene adamangira mtima wake. Sanjika pamwamba pa phiri ku Blantyre. Nyumba ya boma yatsopano ku Lilongwe, ya zipinda mazanamazana, imene idatenga zaka zambiri kumangidwa koma mwini wake sadakhalemo kwenikweni. Bakili Muluzi adaipereka kwa aphungu, Bingu wa Mutharika n'kudzawatulutsa kuti alowemo yekha. Kenako Kamuzu Academy, imene idatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankati adaphunzirirapo, yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ake azungu okhaokha. Pa sukuluyi ndimavutika kuweruza. Inkadya ndalama zambiri pamene ana ena ankaphunzirira pansi pa mitengo yeniyeni, komabe inkasankha ana anzeru m'boma lililonse mosayang'ana thumba la makolo, ndiye mwana wa ku Wenya kapena kwa Kameme amatha kukhala pa desiki limodzi ndi mwana wa nduna.

Ndipo pali nyumba zina zimene sizioneka pa zithunzi za pa Facebook. Mikuyu ndi imodzi mwa izo, kumene anthu ankasungidwa popanda kuzengedwa mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje adakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti idali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Amene amasirira ukhondo wa nthawi imeneyo aziwerengera ndi izi pa mtengo wake.

Ife a kumpoto tili ndi zathu zapadera. Mu 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Kwa mwana wa ku Chitipa, amene kunyumba amayankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa kapena Chinyiha, Chichewa chinkabwera ngati chiyankhulo chachitatu, Chingerezi chachinayi, ndipo mayeso ankayembekeza kuti apikisane ndi mnzake wa ku Dowa mofanana. Inde, ndikulemba m'Chichewa chomwecho ndipo mukundimva kuyambira ku Nsanje mpaka ku Ifumbo. Chimenecho n'chipatso cha lamulo lomwelo, sindikana. Mu 1978 malire a nkhalango ya Nyika adakulitsidwa, anthu n'kusamutsidwa m'malo a makolo awo. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kubwerera m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri amene adakwezedwa m'malole adali a kumpoto.

Dzina lokha ndiye tidapatsidwa msanga. Fort Hill idakhala Chitipa monga momwe Fort Johnston idakhalira Mangochi, Port Herald n'kukhala Nsanje. Koma msewu wa makilomita pafupifupi 100 wochokera ku Karonga udakhala wafumbi zaka zonse 30 za Kamuzu. Akuluakulu amasimba za maulendo a pa lole, kugona panjira mvula ikagwa, thumba la simenti n'kufika pa boma litakwera mtengo chifukwa cha mayendedwe okha. Munthu amene simenti ikumufika motero saganiza za nsanjika. Akakhoma malata wathokoza. Nkhani ya nyumba zosanja imayambira pansi: msewu wobweretsa zitsulo, magetsi osathimathima oyendetsa lifiti, madzi okwera mpaka pamwamba, ndi makampani okwanitsa kulipira lendi. Komanso tili m'chigwa cha zivomerezi, monga adaonera a ku Salima mu 1989 ndi a ku Karonga mu December 2009, ndiye kukwera m'mwamba kuno kumafuna chitsulo chambiri ndi mainjiniya osagona.

Mapeto a ulamuliro wake adayamba ndi kalata ya maepiskopi a Katolika mu March 1992, kumangidwa kwa Chakufwa Chihana mwezi wotsatira, ndi mayiko opereka thandizo kutseka mpopi. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 anthu adasankha zipani zambiri, ndipo kumpoto voti yokana chipani chimodzi idali yochuluka zedi. Pa 17 May 1994 adagonja kwa Muluzi ndipo adavomera zotsatira zisanathe n'kulengezedwa komwe, chinthu chimene atsogoleri ambiri a mu Africa, achinyamata kuposa iye, chimawakanika mpaka lero. Adazengedwa mlandu wa ku Mwanza n'kupezeka wosalakwa mu December 1995, ndipo mwezi wotsatira adapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene zidachitika m'dzina lake. Boma latsopano lidachotsa Press Trust m'manja mwake kudzera m'lamulo la mu 1995.

Adamwalira pa 25 November 1997 pachipatala cha Garden City ku Johannesburg, mzinda umene adaufikira ali mnyamata wofuna sukulu. Nthawi imeneyo makampani adali akuthawa pakati pa mzindawo kupita ku Sandton, ndipo hotela ya Carlton idatsekedwa posakhalitsa. Mtembo wake udaikidwa ku Lilongwe, pakati pa Capital Hill ndi City Centre, ndipo Bingu adamangapo chiliza chimene chidatsegulidwa mu 2006.

Pafupi ndi chilizacho pali Nyumba ya Malamulo imene idatsegulidwa mu 2010, yomangidwa ndi dziko la China, lomwe lija Kamuzu adalikana mu 1964. Malawi adasiya Taiwan n'kugwirizana ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo mwa zoyamba zimene a China adalonjeza mudali msewu wa Karonga–Chitipa. Tara adafika pa boma pathu patatha zaka pafupifupi 15 Kamuzu ali m'manda. Lero matakisi amayenda ulendowu m'maola ochepa, simenti ndi malata zimabwera kuchokera mbali zonse, ku Karonga, ku Nakonde ndi ku Tunduma, ndipo pa Chitipa anthu ayamba kumanga malo ogona alendo ndi masitolo a njerwa zootcha. Wopita ku Nthalire yekha ndiye amayang'anabe kumwamba asananyamuke, kuti aone ngati kukubwera mvula.